Ndalawa hilla m'dambo la ku Ranua

Chipatso choyamba cha hilla chimene ndinadya ndinachithyola ndekha, nditaima m'dambo, madzi ali m'akakolo, kumpoto kwa dziko la Finland chakumapeto kwa mwezi wa Julayi. Chinali chofunda ndi dzuwa. Nditangochikhudza chinachoka chokha pa phesi lake, chili chofewa mwakuti madzi ake anayamba kutsetsereka m'zala ndisanachifikitse kukamwa. Kukoma kwake sikufika konse nthawi imodzi. Kumayamba ndi kuwawasa kopepuka, kenako kutsekemera kwa uchi, ndiyeno kafungo kozama ka chipatso chowotcha, kamene kamatsala kukhosi utameza kale. Njere zake n'zazikulu ndiponso zolimba, zimathetheka m'mano. Ndinaima pomwepo kusowa chonena. Mayi amene ananditengera kumeneko anandiyang'ana, n'kumwetulira, n'kuweramanso kupitiriza ntchito.

Ndinali ku Oulu pa maphunziro, ndipo ndinkakhala m'nyumba ya mayiwa. Ndi munthu wachikulire, kwawo ndi ku Ranua, dera la kumwera kwa chigawo cha Lapland, makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Rovaniemi. Chiyambire Juni nkhani m'nyumbamo inali imodzi. M'mawa uliwonse ankaimbira foni alongo awo kumudzi, ndipo asanafunse za moyo ankafunsa za usiku: kunazizira bwanji, chisanu chinagwa kodi, nanga maluwa apulumuka? Anthu a ku Finland si olankhulalankhula, koma pa nkhani iyi mayiwa foni sankaitula msanga. Tsiku lina anatulutsa ndalama yachitsulo ya mayuro awiri m'kachikwama n'kundionetsa kuseri kwake. Pamenepo pali chithunzi cha hilla, chojambulidwa ndi mmisiri Raimo Heino, ndipo ndalamayi yakhala ikuyenda m'manja mwa anthu kuyambira 2002. Pa ndalama yake yaikulu yachitsulo dzikolo silinaikepo nkhope ya mtsogoleri, linaikapo kachipatso ka m'matope. A kumpoto amati hilla, a kumwera amati lakka; ku Norway ndi multe, ku Sweden ndi hjortron, Angerezi amati cloudberry, ndipo m'mabuku a sayansi ndi Rubus chamaemorus.

"Akapsa ndikutengani," anatero mayi. Anapsa, ndipo ananditengadi.

Tinasiya galimoto pamene msewu wa m'nkhalango unathera, n'kulowa wapansi pakati pa mitengo ya paini. Tikuyenda choncho mitengo ija inayamba kufupika, kupinimbira, kutalikirana, mpaka kutheratu, ndipo kutsogolo kunali tetete, chigwa chosalala chofika kumene maso alekezera. Pansi palibe dothi loti n'kulitcha dothi. Pali ndere zotchedwa Sphagnum, zobiriwira, zachikasu, zina zofiirira, zomwa madzi mpaka kukhuta. Ukaponda, phazi limalowa, madzi n'kutumphuka m'mbali mwa jombo; ukalinyamula, ndere zija zimadzuka pang'onopang'ono n'kufafaniza pamene unaponda. M'malo ena pansi ponse pamagwedera ukamayenda. Mayi anandichenjeza kuti pamene pali pobiriwira kwambiri ndi posalala ndisapondepo, pansi pake pali madzi akuya. Tiziyenda pa timiulu pamene pamera tizitsamba. Mpweya wonse unali ndi fungo la kachitsamba kotchedwa suopursu, fungo lolasa mphuno, loti ukalipuma nthawi yaitali mutu umalemera. Chapatali kunkamveka kulira kwa kurki, mbalame zikuluzikulu za miyendo italiitali zimene zimaswera m'madambo amenewa.

Madzi a dambo lotere ndi ozizira, a asidi, ndiponso osowa mpweya, choncho chomera chikafa sichiwola n'kutheratu. Ndere zakufa zimaunjikana pansi pa zamoyo, chaka ndi chaka, n'kusanduka dothi lakuda lotchedwa peat, limene limakula pafupifupi milimita imodzi pa chaka. Ndiye kuti pamene dothili lazama mamita atatu, munthu waima pa ntchito ya zaka pafupifupi 3,000. Madambo a ku Finland anayamba kupangika madzi oundana amene anakuta dzikolo atasungunuka, zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Ndi malo osauka chakudya cha zomera, mbewu ya kumunda singakhalemo. Komatu mu umphawi womwewo ndi mmene mumachokera chipatso chimene dziko lonse limachidikirira.

Chomera chake n'chodzichepetsa. Sichipitirira masentimita 25, ndipo kawirikawiri chimafupika kuposa apo. Chilibe minga. Phesi lililonse lili ndi masamba awiri kapena atatu, obulungira, amakwinyamakwinya, ndipo pamwamba pake pali chipatso chimodzi. Chimodzi basi, choyang'ana kumwamba, chopangidwa ndi timibulu togundana, nthawi zina tisanu tokha, nthawi zina toposa 20. Amene anakwerapo phiri la Zomba n'kugula mulunguzi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu adziwa kale maonekedwe ake, ndipo si mwangozi, pakuti zonse ziwiri ndi za mtundu umodzi wa Rubus. Kungoti mulunguzi umamera pa chitsamba chaminga chotalika, pomwe hilla uyenera kumuweramira.

Kapsedwe kake n'kosemphana ndi kamene maso anazolowera. Hilla wosapsa ndi wofiira psuu, wolimba, wokopa, ndipo timasamba ta pansi pake timakhala titamukumbatira. Akamapsa kufiira kuja kumasuluka, amasanduka wachikasu chowala, timasamba tija n'kumasuka kuloza pansi. Mayi anandiuza zimenezi tisanalowe m'dambo. "Wofiira musamukhudze, ameneyo ndi wa sabata yamawa. Wakupsa sakokedwa, amabwera yekha." Ku Norway nkhani ya wosapsayu inafika mpaka ku nyumba ya malamulo: kuyambira 1970, kwa zaka zoposa 30, kuthyola hilla wosapsa unali mlandu.

Kuthyola hilla ndi kuyenda. Chipatso chimodzi apa, china mapazi atatu kutsogolo, kenako mtunda wautali wopanda kanthu, ndiye ukakwera kamulu kena ukupeza pali mbwee, madontho achikasu paliponse, mtima n'kuyamba kugunda. Zipatso zina za m'nkhalango za kumeneko, mustikka wabuluu ndi puolukka wofiira, anthu amakolola ndi kachipangizo ka mano kopesa tizitsamba. Hilla salola zimenezo, ngofewa kwambiri. Ndi dzanja basi, chimodzichimodzi. Msana umamva, ntchafu zimamva, chifukwa phazi lililonse uyenera kuchita kulizula m'ndere. Ndiye pali udzudzu. Sindinaonepo wochuluka chotero, mtambo weniweni wozungulira mutu, pamodzi ndi tintchentche toluma. Supatsa malungo, koma umaboola ngakhale malaya, moti tinavala zipewa za ukonde wotsikira kumaso. Walira mvula walira matope, ndipo ine ndinavomera ndi mtima wonse, chifukwa maso akangophunzira kuona kachikasu kaja pakati pa masamba, zina zonse zimaiwalika. Nthawi nayo imasokonekera. M'nyengo imeneyi ku Ranua sikuda kwenikweni. Dzuwa limangobisala pang'ono kuseri kwa mitengo, kuwala n'kukhalapobe, ndipo ena amathyola usiku kutentha kukachepa.

Chakumasana tinapuma pa kachilumba ka nthaka youma pakati pa dambolo, pamene panali mitengo ingapo yokhota. Mayi anatulutsa fulasiki ya khofi ndi buledi wakuda wowawasa. Tili pamenepo, reindeer zitatu, nyama zonga agwape, zinadutsa chapatali, zikuponda mopanda mantha pomwe ife tinkalambalala, pakuti ziboda zake n'zotambalala. Mayi anandisonyeza zitosi za mbalame pa chitsa, zodzaza njere za hilla. Mbalame, nkhandwe ndi zimbalangondo zimadya nawo chipatsochi, ndipo ndi zimenezi zimene zimanyamula njere kuchoka dambo lina kupita lina. Ndinayang'ana m'ndowa yanga. Zipatso za pansi zinali zitayamba kale kuphwanyika ndi kulemera kwa zinzake, zikusambira m'madzi ake achikasu, ndipo fungo lotuluka mmenemo linkaposa la khofi.

China chimene ndinachiona ndi chinsinsi. Munthu wa kumeneko angakubwerekeni galimoto, angakusiyireni kiyi wa nyumba, koma malo ake a hilla sakuuzani. Pobwerera tinakumana ndi bambo wina atanyamula ndowa. Analonjerana ndi mayi, aliyense anasuzumira m'ndowa ya mnzake, ndipo bamboyo atafunsa kumene tachokera, mayi anangoti kudambo. Iye anagwedeza mutu, sanafunsenso, chifukwa akanafunsidwa akanayankha chimodzimodzi. Malo amene ananditengerawo anawasonyeza ndi mayi awo owabala, amenenso anasonyezedwa ndi makolo awo. Nditamva zimenezi m'pamene ndinazindikira kukula kwa chimene andichitira, ndipo dzina la dambolo sindililemba pano.

Wofuna kumvetsa chinsinsi chimenechi ayambe wadziwa mmene chomerachi chimavutira kubereka. Hilla ali ndi zomera zazimuna ndi zazikazi, zosiyana. Amafalikira kwambiri ndi tsinde loyanga pansi pa ndere, lotalika mamita angapo, limene limatulutsa mphukira apa ndi apo. Choncho dera lalikulu ndithu likhoza kukhala chomera chimodzi, ndipo chikakhala chachimuna mudzaona maluwa oyera mbee mu Juni, koma chipatso ayi, chaka chino, chaka chamawa, mpaka kalekale. Pamene pali zazimuna ndi zazikazi pafunikanso tizilombo tonyamula mungu, makamaka ntchentche za m'maluwa ndi njuchi zikuluzikulu zaubweya, ndipo timeneti sitiuluka kukakhala mphepo, mvula kapena kuzizira. Duwa limangokhala masiku ochepa. Usiku umodzi wa chisanu pa dambo la poyera, lopanda mitengo yotchinga, umatha kupha maluwa onse. Mvula yamphamvu nayo imawathothola. Zonsezi zikadutsa bwino, pamapita masabata pafupifupi 6 kuti chipatso chipse. N'chifukwa chake chaka china madambo amachita chikasu, chaka chotsatira ndowa zimabwerera zili gwaa, zopanda kanthu. Odziwa amasunga malo angapo m'mutu: a poyera, a chaka chofunda, ndi a m'mphepete mwa nkhalango, pansi pa mitengo, a chaka cha chisanu. Mafoni a m'mawa aja anali a mlimi amene munda wake sangaulimire, sangauthirire, sangaufunditse, angathe kungofunsa za iwo.

Dambo limene tinathyolamo si la mayiwa. Ku Finland, monganso ku Sweden, kuli ufulu wakalekale woti munthu aliyense ayende m'nkhalango ndi m'madambo, athyole zipatso zam'tchire ndi kuzula bowa, ngakhale malowo ali ndi mwini wake, bola asayandikire pakhomo pa anthu, asalowe m'munda, asawononge kanthu. Mlendo ngati ine ali nawonso ufuluwu. Ku Finland ndalama imene munthu wapeza pogulitsa zipatso zam'tchire zothyola yekha salipirira msonkho. Ku Norway nako ufuluwu ulipo, koma hilla yekha anamupatula: m'zigawo za kumpoto za Nordland, Troms ndi Finnmark mwini malo akhoza kuletsa anthu kuthyola m'dambo lake. Ngakhale atero, lamulo limalola wodutsa kuthyola n'kudyera pomwepo. Mfundo imeneyi inandigwira mtima. Olemba lamulolo anateteza ndowa ya mwini, koma sanafune kuti munthu adutse pa chipatso chakupsa akuopa kuchiika m'kamwa.

Madzulo tinafikira kwa alongo a mayi, ndipo apa m'pamene ndinaona ulemu umene chipatsochi chimalandira m'nyumba. Sachitsuka, madzi angachiphwanye n'kuchisukulutsa. Anachikhuthulira m'mbale yaikulu, tonse n'kuzungulira tebulo kutola timasamba ndi tinthambi. Chochuluka chinalowa m'timabokosi kukaundana mufiriji, kuti chidzadyedwe m'miyezi ya mdima. China chinapita mumphika ndi shuga ndi timadzi pang'ono, pa moto wofatsa, kwa mphindi zochepa chabe. Mayi sanavundule, ankangogwedeza mphika kuti timibulu tisasweke tonse. Nyumba yonse inadzaza fungo. Kenako akazi a alongowo anatulutsa mu uvuni leipäjuusto, tchizi wa kumpoto, wozungulira, wophwatalala, woyera wa mawanga oderapo a moto, amene kale ankapangidwa ndi mkaka woyamba wa ng'ombe yongobereka kumene. Akakhala wofunda amalira m'mano ukamatafuna. Payekha ndi wofatsa, wa mkaka basi, ndi kamchere pang'ono. Koma thirapo supuni ya jamu wotentha wa hilla! Kuwawasa kumadula mafuta a mkaka, mafutawo n'kuziziritsa kuwawasa, njere n'kumathetheka pakati pa zofewa ziwirizo. Sindinadyepo zinthu ziwiri zogwirizana chotero.

"Onjezerani," anatero alongo a mayi, akukankhira mbale kwa ine. "Mwathyola nokha."

Ku Norway chakudya cha Khirisimasi m'mabanja ambiri amachitsekera ndi multekrem, hilla wosakaniza ndi kirimu wopuntha ndi shuga. Ku Sweden jamu wake amamuthira pa waffle wofunda kapena pa ayisikilimu. Ku Finland amapangiranso mowa wotsekemera womwa pang'ono pambuyo pa chakudya, ndipo njere zake amazifinya mafuta amene makampani monga Lumene amaika m'zodzoladzola. Anthu a mtundu wa Sámi, oweta reindeer a kumpoto kwenikweni, ankasakaniza hilla ndi mkaka wa ziweto zawozo. Masamba ake ena amaumitsa n'kumwa ngati tiyi.

Koma kale chipatsochi sichinali chokometsera pakamwa chabe, chinali chopulumutsa moyo. Hilla ali ndi vitamini C wochuluka, pafupifupi mamiligalamu 100 pa magalamu 100 a chipatso, kuwirikiza kawiri wa m'lalanje. Alinso ndi asidi wachilengedwe wotchedwa benzoic acid, amene amaletsa chuku ndi kuwola. Choncho kulibe firiji, shuga ali wosowa, anthu ankangomuika m'migolo ya matabwa, m'madzi ake omwe, pamalo ozizira, n'kukhala nyengo yonse yachisanu osawonongeka. Taganizani dziko limene kwa theka la chaka nthaka ili pansi pa chipale, tsamba lobiriwira kulibe, chakudya ndi nsomba zouma ndi nyama yamchere. M'nyengo yotere chiseyeye chinkapha anthu: nkhama kutupa ndi kuchucha magazi, mano kugwedera, zilonda kusapola. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, dokotala wina wa ku Bergen, Henrik Høyer, analemba kalata yofotokoza kuti ku Norway kuli chipatso chochiza matendawa. Apa n'kuti kudakali zaka pafupifupi 150 kuti James Lind ayese mandimu ndi malalanje pa amalinyero odwala mu 1747, ndipo vitamini C weniweniyo anadzadziwika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Anthu a m'madambo sankadziwa dzina la chimene chili m'chipatsomo, ankadziwa kuti wodya hilla mano ake sagwedera. Roald Amundsen, amene anafika ku South Pole pa 14 Disembala 1911, anatenga jamu wa hilla pa sitima yake ya Fram. Ankamudya pamodzi ndi nyama ya m'nyanja yotchedwa seal yongophedwa kumene, ndipo gulu lake silinagwidwe ndi chiseyeye.

Chomerachi chinazungulira kumpoto konse kwa dziko lapansi, ndipo kulikonse kumene chili anthu anachikonda mwa njira yawoyawo. Ku Newfoundland ndi Labrador, m'dziko la Canada, amachitcha bakeapple n'kuphikira jamu ndi makeke. A Yup'ik a ku Alaska amachisakaniza ndi mafuta a nyama opuntha mpaka kuchita thovu, chakudya chotchedwa akutaq. M'mapiri a ku Scotland ndi kumpoto kwa England chimamera, koma sichibereka kawirikawiri. Ku Russia ndi moroshka, ndipo amachisunga choviika m'madzi. Mlakatuli wamkulu wa dzikolo, Alexander Pushkin, ali chigonere ku St Petersburg mu 1837, atawomberedwa pa ndewu ya mfuti ya anthu awiri, anapempha moroshka woviika kutatsala pang'ono kuti atsirizike, ndipo mkazi wake anamudyetsa ndi supuni. Nkhani imeneyi ndikanaimva ndisanalawe ndikanangoidutsa. Tsopano ndikudziwa chimene lilime lake linkafuna.

Kumayambiriro kwa Ogasiti ku Ranua kumachitika msika wa chaka ndi chaka wa chipatsochi, Hillamarkkinat, ndipo nyengo yonse yothyola ogula amakhala pabwalo la tauniyo ndi masikelo, mtengo n'kumakwera kapena kutsika malinga ndi zimene madambo apereka. Kilogalamu ya hilla imagulidwa kangapo kuposa ya mustikka. Kwa opuma pa ntchito ndi ana a sukulu a kumeneko imeneyi ndi ndalama yeniyeni. Koma botolo la jamu la m'sitolo lili ndi nkhani ina imene wokonda chipatsochi sayenera kuinyalanyaza. Kuyambira cha m'ma 2005 makampani a zipatso akhala akubweretsa anthu masauzande kuchokera ku Thailand, ambiri a iwo alimi a mpunga a kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, kudzathyola m'miyezi yofunda. Kwa zaka zambiri ku Finland sankawawerengera ngati antchito. Ankathyola pa ufulu wa aliyense uja n'kugulitsa kwa kampani, atakongola kale ndalama ya ndege, ya malo ogona ndi ya galimoto. Chaka chikavuta, ena ankabwerera kwawo ndi ngongole, atagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Nkhani zina zinafika kukhoti ngati milandu yozembetsa anthu, ndipo kuyambira 2025 othyola otere ayenera kubwera ndi mgwirizano wa ntchito ndi malipiro odziwika. Ndinawaona ena m'mbali mwa msewu, nkhope zokutidwa ndi nsalu chifukwa cha udzudzu, ndowa m'manja monse muwiri. Msana wanga unali utalawa kale kulemera kwa ntchito imeneyi, ngakhale ine ndinkathyola mwa kufuna kwanga, wopanda ngongole yondidikira. Lamulo latsopanoli linachedwa, ndipo liyenera kutsatidwa mosanyengerera.

Ena ayesapo kumubweretsa hilla kumunda. Ku Norway akatswiri anasankha mitundu inayi, iwiri yaikazi, Fjellgull ndi Fjordgull, ndi iwiri yaimuna, Apollen ndi Apolto, imene alimi anayamba kuipeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Koma chomerachi chimakula mochedwa, chimafuna dothi la dambo lomwelo ndi madzi okhala pa muyeso wake, moti mpaka lero pafupifupi hilla yense wa pamsika ndi wam'tchire.

Ndipo madambowo ndi amene achepa. Finland anali ndi mahekitala pafupifupi 10 miliyoni a madambo otere, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nthaka yake. Oposa theka anakumbidwa ngalande kuti madzi achoke, makamaka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pofuna kuti pamere mitengo ya matabwa ndi mapepala. Ena anasanduka minda, ena anachotsedwa dothi lawo kukaotchedwa popanga magetsi ndi kutenthetsa nyumba. Boma lenilenilo ndi limene linkalimbikitsa ntchitoyi ndi ndalama. Alongo a mayi anatitengera kumalo ena kuti ndidzionere ndekha. Ngalande zowongoka zinali zitandandalika, ina pambuyo pa inzake, madzi akuda akuyenda mmenemo. Pakati pake mitengo yothithikana, pansi pouma, polimba. Masamba a hilla analipobe apa ndi apo mumthunzi, opanda chipatso ndi chimodzi chomwe.

"Pano tili ana tinkadzaza ndowa njala isanatigwire," anatero bamboyo.

Iwo omwe anagwira nawo ntchito yokumbayo ali mnyamata, ndipo sanabise. Inali ntchito yolipira m'dera losowa ntchito, ndipo onse ankati akutukula dziko. M'malo ambiri mitengo inakuladi, mabanja n'kudya. M'malo ena, osauka kwambiri, sinakule n'komwe, ndipo dziko linataya dambo osapeza nkhalango. Lero zadziwikanso kuti madambo a peat, ngakhale ali pafupifupi 3 peresenti yokha ya nthaka ya dziko lapansi, amasunga kaboni wochuluka kuposa mitengo ya m'nkhalango zonse, ndipo akaumitsidwa kaboniyo amathawira mumlengalenga. Bungwe la boma loyang'anira nkhalango, Metsähallitus, lakhala likukwirira ngalande m'malo otetezedwa. Makina a mtundu womwewo umene unakumba ndi amene akubwezera dothi, madzi n'kukweranso, ndere n'kuyambanso kuyanga. Ndi ntchito yochedwa kuonetsa zipatso, pakuti dambo limakula milimita imodzi pa chaka, koma ndinasangalala kumva kuti ikuchitika.

Tili m'galimoto pobwerera, mayi ndi alongo awo anayamba kukambirana m'chinenero chawo, motsitsa mawu, akutchula mayina a malo ndi kuwerenga masiku ndi zala. Kenako mayi anatembenukira kwa ine. Kuli dambo lina chakumpoto, lakutali, limene makina sanafikeko chifukwa cha kuya kwa madzi. Kumeneko hilla amachedwa kupsa, ndipo amene anali wofiira sabata yatha ayenera kuti tsopano wasanduka. Kuyenda kwake n'kwakutali kuchokera pamene msewu wathera, ndipo kulibe matabwa oyala opondapo.

"Mukwanitsa?" anandifunsa.

Ndinati ndikwanitsa. Anandiuza kuti jombo ndiziumitse pafupi ndi chitofu usiku womwewo, nditenge ndowa yaikulu, ndipo tinyamuka 4 koloko.